Mpendero wa Siketi ya Tenisi

Belo la kaunjika likangotsegulidwa limakhala ndi fungo lakelake. Si la sopo, si la nkhungu, koma la mankhwala osakanikirana ndi thukuta la anthu akutali amene sudzawaona. Ine ndinakulira m'fungo limenelo, chifukwa makina osokera a amayi anga ankakhala pakhonde la golosale ina pamsika wa ku Kawale, moyang'anana ndi benchi ya a Nachisale ogulitsa kaunjika. Munthu akagula diresi lomukulira kwa a Nachisale ankangodumpha ngalande n'kudzalichepetsa kwa amayi. Ndikaweruka kusukulu, ntchito yanga inali yopemerera makala a m'simbi, ndipo ndinkadana nayo kwabasi.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali Sitandade sikisi, ndipo chisanu chinabwera msanga. Mphepo inkanyamula fumbi ndi majumbo n'kukawakoleka pamawaya a magetsi. Miyendo yathu inkatuwa mbuu ngakhale titadzola mafuta a botolo lonse, milomo n'kumang'ambika. M'mawa njira ya kusukulu inkanunkhira mbatata zootcha ndi utsi wa zinyalala, ndipo tinkayenda manja ali m'khwapa. Ndi m'nyengo imeneyo pamene a Nachisale anatsegula belo la nsapato ndi zikwama, n'kutulutsamo chinthu chokhala ngati sefa yampini. Anthu anasonkhana. Wina anati n'choyanikira usipa, wina anati azungu amapunthira matiresi. A Nachisale atatopa nacho anandiponyera. "Tenga iwe Tiya, uzikaphera udzudzu."

Amene anandiuza dzina lake anali a Makwinja, ometa tsitsi ochokera ku Thyolo, amene babashopu yawo inali kumapeto kwa mzere wathu. Iwo okha ndiwo anali ndi dishi padenga m'dera lonselo. Miyezi ina tivi yawo inkangoonetsa mpira wamiyendo, koma m'chisanu mpira wakunja unkapuma, ndiye ankangoisiya pa chilichonse chimene chikuyenda. Atandiona ndikudutsa ndi sefa yangayo paphewa anandikodola, n'kundilozera pa tivi. Ndinaona kapinga wobiriwira ngati wopaka utoto, ukonde pakati, ndi akazi awiri atagwira chinthu chomwecho chimene ndinagwira ine. Anati ndi raketi, masewerawo ndi tenisi.

Mmodzi mwa akaziwo ndiye anandigwira mtima. Anali wakuda ngati ife, wamapewa otambalala, bondo lake limodzi litamangidwa bandeji. Akamenya mpira ankakuwa, ndipo mnzakeyo ankangoona mpira wadutsa. Dzina lake linkatipinda lilime, choncho ine ndi mnzanga Memory tinkangomutchula kuti Achemwali a ku Amereka. A Makwinja ankamva Chingerezi cha olengeza aja, ndipo ankatimasulira uku akumeta munthu, n'kumathirako mchere wawo. Ankati mayiyu anayamba ali kamwana pamabwalo aulere a kwawo, anakwera msanga mpaka anzake ankamuopa, kenako bondo linamugwetsa. Anachitidwa opaleshoni, anakhala pansi nthawi yaitali, atsikana atsopano anadzaza malo, anthu n'kumuiwala. Tsopano anali atabwerera, akuyambanso kumunsi ngati mlendo. "Akuti anatha ameneyu," ankatero a Makwinja, makina ometera ali m'malere. "Watha ndani? Taonani mmene akuswera!"

Kuyambira pamenepo simbi ya amayi inkazizira kawirikawiri. Kuseri kwa chigayo kunali khoma lalitali lopanda zenera, ndipo ndinalembapo mzere ndi khala pamene ndinkaganiza kuti ukonde umalekezera. Memory anali ndi mpira wa tenisi wakale wosalala ngati dazi, umene tinkaseweretsa fulaye. Zingwe ziwiri za raketi zinali zoduka, ndipo osoka nsapato anandilumikizira ndi ulusi wawo wokhuthala. Ndinkamenya khomalo mpaka mkono kuchita dzanzi, gaga wa m'chigayo akundigwera m'tsitsi. Popeza palibe anandiuza, ndinkayesa kukuwa kuja ndi lamulo la masewera, loti ukapanda kukuwa sunagoletse. Ndiye ndinkakuwa ndithu, mochokera pansi pa mimba. Tsiku lina mayi wina anatuluka m'nyumba ali ndi munsi m'manja, akuyesa galu waluma mwana. Atandipeza ndili bwinobwino anandilalatira, ine n'kupitiriza.

Mayi Kaliwo, aphunzitsi athu a masewera, ankadutsa njira imeneyo popita kwawo ku Chilinde. Anaima tsiku lina n'kundiyang'ana nthawi yaitali, chikwama chili m'manja. Iwo anaseweramo tenisi ali ku sekondale. Anandikonza kagwiridwe ka mpini, anandiuza kuti kukuwa si lamulo ayi, kenako ananena mawu amene anandisowetsa tulo. Anati Loweruka loyamba tikatsekera sukulu, kumabwalo a tenisi a m'tauni kukasankhidwa ana oti aziphunzitsidwa ulere. "Ubwere ndi kholo," anatero, "ndipo uvale zoti ungathamange nazo." Ndinathamangira kumsika ndili wefuwefu. Amayi anamva nkhaniyo mapini ali kukamwa, anangogwedeza mutu n'kupitiriza kupalasa makina. Kwa amayi anga kumeneko kunali kuvomera.

Koma thupi silifunsa kuti uli ndi pulogalamu yanji. Sabata yomweyo ndinakula. Ndinalira, amayi anandikhazika mtima pansi, ndipo monga mwa mwambo sanandilangize okha. Anatumiza uthenga ku Nathenje, ndipo azakhali anga a Nabanda, alongo awo a bambo, anatsika minibasi ndi thumba la mtedza pamutu ndi nzimbe m'khwapa.

Ndisawanamizire azakhali. Ankandikonda, ndipo akaseka nyumba yonse inkaseka nawo. Koma pa nkhani ya unamwali sankaseka. Ananditsekera kuchipinda n'kundiuza zonse: masiku osathira mchere m'ndiwo, kusalowanso kuchipinda kwa makolo, kugwada popereka madzi, kukhala pansi miyendo itapindidwa. Pomaliza anatulutsa chitenje chatsopano chabuluu chojambulidwa nkhanga, chikadali chouma ndi sitachi, n'kundimanga nacho m'chiuno okha. Anati kuyambira tsikulo ntchafu zanga zinali zanga ndekha, dzuwa lenilenilo lisazione.

Za tenisi anazimva kwa Memory, amene pakamwa pake panalibe chitseko. Azakhali sanafune kuweruza za m'maluwa, anapita kukaima pakhomo la babashopu kuti adzionere. Tsoka ilo, anafika nthawi imene Achemwali a ku Amereka ankadumpha kumenya mpira wam'mwamba, kasiketi kawo koyera kali pululu m'malere. Azakhali anabwerera atagwira pakamwa. Madzulo ake anaikhazika nkhaniyo pamaso pa bambo, amene anali atangofika kuchokera kugalaja ku Biwi, manja akadali akuda ndi girisi. "Achimwene, kumeneko ndiye mukufuna kumutumiza namwali? Kukaonetsa thupi pamaso pa amuna?" Bambo anayang'ana amayi, anayang'ana alongo awo, n'kunena kuti zimenezo n'za azimayi, iwo alowapo bwanji. Anatenga sopo n'kupita kubafa. Chigamulo chinatsala cha azakhali: kusewera ndisewere, koma m'chitenje. Ndipo anati akhala nafe mpaka sukulu itatsekera.

Ndinayesa, Mulungu ndi mboni. Ndikamanga chitenje molimba, miyendo inkakana kutambasuka ndipo mpira unkandidutsa ndikuuona. Ndikamanga molekerera, chinkamasuka pa sitepe yachitatu, n'kumasewera dzanja limodzi lili m'chiuno. Ndinayesa kuchikwinyira m'mwamba, Memory n'kundiuza kuti azakhali akubwera, ngakhale sankabwera. Kenako tsiku lina ndinathamangira mpira wakumanzere, phazi linakodwa m'nsalu, ndinagwa chafufumimba pamiyala. Anyamata odikira ufa pachigayo anaseka mpaka kugwirana mapewa. Ndinadzuka bondo likuchucha magazi, ndipo ndinadziwa kuti m'chitenje sindingasankhidwe ngakhale osankhawo atakhala akhungu. Ndinakwiyira azakhali, ndinakwiyira bambo, koma kwambiri ndinakwiyira amayi, chifukwa iwo sanatsegule pakamwa n'kamodzi komwe.

Nthawi yonseyi Achemwali a ku Amereka ankapambanabe. Anagwetsa wamtali wina, anagwetsa kamtsikana kena kamene a Makwinja ankati n'koopsa, mpaka anafika pa ndime yomaliza. Masewerawo anali Loweruka masana. Ine ndinali nditapangana kale ndi Mulungu, pangano la mwana: akapambana mayiyu, amayi akamuona akunyamula chikho, mtima wawo usungunuka ndipo andilankhulira. Ndinawachonderera m'mawa wonse kuti akaonere. Ndinapemerera simbi osatumidwa, ndinasesa tinsalu tonse pakhonde. Pamapeto pake anavundikira makina ndi nsalu n'kunyamuka, tepi yoyezera ili m'khosi.

Amayi anga anali asanapondemo m'babashopu chibadwire. Munali modzaza amuna, mukununkha sipiriti ndi tsitsi lopserera, ndipo atalowa phokoso linazima ngati walowa m'busa. A Makwinja anawapatsa mpando, iwo anakana. Anapita kukaima pafupi penipeni ndi tivi, mutu atapendeketsa, mpaka mnyamata wina anadandaula chapansipansi kuti akutchinga. Ine ndinali pakhomo, zala zili m'kamwa. Masewera sankayenda bwino. Bondo lija linkaoneka kuti layambanso, Achemwali ankafika mochedwa pa mpira, ndipo mnzawoyo ankangowathamangitsa uku ndi uku. Amuna aja ankafuula, ena kumenya ntchafu. Amayi anali phee, maso ali pamalo amodzi.

Kenako anafunsa, mokweza ndithu. "A Makwinja, mpira wachiwiri uja akumaulowetsa kuti?"

Anthu anaseka. A Makwinja anakanda m'mutu n'kunena mwamanyazi kuti amaulowetsa kunsi kwa siketi.

"Ndiye kuti muli kabudula m'katimo," anatero amayi. "Wothina, walasitiki."

Ine ndinafuna nthaka ing'ambike. Munthu akumenyera moyo wake pa kapinga, amayi anga akufunsa za kabudula! Tivi ikabwereza chithunzi pang'onopang'ono, ankasendeza nkhope pafupi, chala chikuyenda pagalasi kutsata m'chiuno mwa siketi, milomo ikugwedera. Achemwali a ku Amereka anagonja masana amenewo. Anayenda motsimphina kupita paukonde, anakumbatira mnzawo uja, anakweza dzanja kwa anthu akumwetulira, misozi ili m'maso. Amayi sanadikire n'chikho chomwe. Anati asiya makina okha, n'kutuluka. Ine ndinapita kuseri kwa chigayo ndipo ndinalira ngati kwagwa maliro, kulirira mayi wa ku Amereka ndi kudzilirira ndekha.

Masiku otsatira ndinasiya kumenya khoma. Tinalemba mayeso, mphepo inapitiriza kuwomba, azakhali ankandiphunzitsa kusinja nsinjiro ndipo ndinkasinja ndi mkwiyo. Tsiku lina amayi anandiimika pakhonde la golosale n'kundizunguliza tepi m'chiuno, m'matako, kutsika mpaka pabondo, osanena kanthu. Ndinayesa ndi yunifolomu ya chaka chamawa. Tsiku linanso anandiuza kuti ndiwapatse chitenje chankhanga chija achichape, n'kundibwereka chawo chakale. Sindinafunse. Ndinali nditaleka kuwalankhula zambiri.

Lachisanu limene tinatsekera sukulu, amayi anaweruka dzuwa likadali pamutu, chinthu chimene sankachita. Anandipatsa jumbo n'kundiuza kuti ndikavale. Nditalitsegula kuchipinda ndinakhala pansi. Nkhanga za azakhali zinali zitasanduka siketi yamapindo, yalamba wa lasitiki, ndipo m'kati mwake munali kabudula wosokerera kumodzi, wogwira ntchafu bwinobwino, wokhala ndi kathumba kolowa mpira. Nditavala inalekezera pamwamba pa bondo, ngati ya pa tivi ija. Ndinatuluka nditaivala.

Amayi anali atayala mkeka kuseri kwa nyumba, mkati mwa mpanda, ndipo azakhali anali atakhala pamenepo akusenda mtedza. Atandiona manja awo anaima.

"Chitenje changa chija mwachidula, alamu?"

"Ndachisoka, alamu," anatero amayi. "Tiya, dumpha."

Ndinadumpha. Anandiuza ndiwerame ngati ndikutola mpira, ndinawerama. Ndithamange mpaka pampanda n'kutembenuka mwadzidzidzi, nditambasule miyendo mmene ndingathere, ndidzigwetse pansi. Ndinachita zonsezo nkhuku zikubalalika. Siketi inkauluka, koma kunsi kwake kunkangooneka nkhanga zina. Amayi anafunsa azakhali ngati aonapo kanthu kosayenera kuonedwa.

Azakhali anakankhira mtedza pambali. Anandikodola, anandigwira m'chiuno n'kunditembenuza ngati mbuzi ya pamsika. Anakoka lasitiki, analowetsa chala m'kathumba, anakoka msoko wa kabudula kuti aone ngati ungathetheke. Kenako anapinda m'munsi mwa siketi n'kuona mpendero. Unali waukulu modabwitsa, wopindidwa kawiri, ndipo unangogwirizidwa ndi ulusi woyera, misoko italiitali yoti mwana angaisolole ndi chala.

"Kabudulayu ndamuona," anatero azakhali. "Koma yafupika. Bondo lonse lili pamtunda."

Ndinayembekeza kuti amayi alimbana nawo. M'malo mwake anapisa m'thumba la epuloni n'kutulutsa lezala, singano ndi ulusi wabuluu. "Mwatero, alamu? Maso angawa atopa ndi makina. Tamasulani inu, muike pamene mukuona kuti m'poyenera."

Azakhali anapukuta manja, anandiimika patsogolo pawo, n'kuyamba kumasula. Anatsitsa nsaluyo mpaka inaphimba bondo, anayang'ana, anaikwezako pang'ono kuti isandikole, anandiuza ndithamangenso, n'kutsitsakonso kachala kamodzi. Atakhutira anasoka pamanja, timisoko ting'onoting'ono tolondolozana, lilime lili pakona ya mlomo. Ine ndinaima pamenepo nditatupa ngati chule. Siketi yanga ya ku Amereka inali kusanduka ya kwaya, ndipo amayi anangokhala pamkeka n'kumasenda mtedza wa azakhali. Nditatsegula pakamwa kuti ndidandaule, anandiyang'ana kamodzi kokha, ndinatseka.

M'mawa mwake amayi anati ali ndi madiresi a ukwati oti amalize, sangachoke. Ndisanayambe n'kulira komwe, azakhali anatuluka m'nyumba atavala duku la kutchalitchi ndi juzi ya bambo. Anati andiperekeza iwowo, akaone okha ngati msoko wawo ukagwire.

Mabwalo aja anali aakulu kuposa a pa tivi, ozunguliridwa ndi waya wamtali, pansi posalala ngati pa sitolo. Kunali ana a ku Area 47 ovala zoyera zokhazokha, ndi ena ngati ine a nsapato zachinsalu za pa kaunjika. Anandipatsa mpira watsopano, waubweya, wowala ngati kamwana ka nkhuku, ndipo ndinaununkhiza kaye. Mipira yanga yoyamba inadumpha ukonde, inadumpha bwalo, inadumphanso waya n'kukagwera kumsewu, chifukwa khoma la chigayo silinandiuzepo kuti mphamvu zili ndi malire. Ana ovala zoyera aja anaseka. Koma atayamba kutiponyera mipira uku ndi uku kuti aone miyendo, palibe umene unandidutsa. Ndinathamanga, ndinatsetsereka, ndinagwa n'kudzuka, osagwira m'chiuno ngakhale kamodzi. Mphunzitsi wake, bambo wina waimvi, anati mphamvu zilipo, chatsala n'kuziweta. Potchula ana oti azibwera Loweruka lililonse, dzina langa linalimo.

Kumalo amenewo anthu amaombera m'manja mwaulemu, pang'onopang'ono. Azakhali anga analuluta. Anaimirira pabenchi paja n'kuimba nthungululu ya ku Nathenje mpaka mlonda anasuzumira. Kenako ndinawamva akuuza mayi wina wovala magalasi akuda amene anakhala naye pafupi kuti, "Ndi mwana wa achimwene anga ameneyo. Siketiyo ndamalizitsa ndine."

Achemwali a ku Amereka anaseweranso zaka zingapo. Zikho zina anatenga, zina zinawapulumuka, ndipo tsiku limene anatsanzika ndinaonera ndili ku koleji ya uphunzitsi, n'kulira pang'ono. Ine sindinafike kutali choncho. Ndinasewerera sukulu, ndinapitako ku Blantyre kangapo, ndipo lero Loweruka m'mawa ndimaponyera mipira ana a ku Kawale ndi ku Chinsapo, ena atsikana amene angokula kumene ndipo amafika akukoka masiketi awo pansi.

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti Lachisanu lija amayi anagonja, kuti anasoka siketi yabwino, azakhali n'kuwalanda. Za ulusi woyera uja ndinkati anasoka mothamanga chifukwa cha madiresi a ukwati. Ndinadzazindikira ndili mayi kale, tsiku limene ndinkapinda yunifolomu ya mwana wanga, nditagwiriza mpendero ndi misoko italiitali kuti ayese kaye. Singano inaima m'manja. Amayi anga sankalola chovala kuchoka pamakina awo chili chogwirizira, ngakhale mwini wake ataima pomwepo minibasi ikumudikira. Lezala, singano ndi ulusi wofanana ndi nsalu sizinagwere zokha m'thumba la epuloni. Kutalika kwa siketi ankakudziwa kuyambira tsiku limene anandiyeza mpaka pabondo. Anaifupikitsa dala, n'kupinda nsalu yotsalayo m'kati, kuti azakhali apeze choti akonze ndi manja awo, pakuti munthu sakaniza mwana kuvala chimene wasoka yekha.

Ndinawafunsa amayi ulendo wina, ali pamakina omwe aja, magalasi ali pamphuno. Sanakweze n'mutu womwe. Anangoti mwana amene akukula umamusiyira mpendero, ndipo akuluakulu nawonso umawasiyira.